JENERALE ROMÉO DALLAIRE: MSILIKALI AMENE ADAKANA KUCHOKA

Nkhani ya lero ikuchokera ku Canada, koma chiyambi chake chili ku Rwanda, ndipo mbali yake ina ikukhudza asilikali a kuno ku Malawi.

Pa 17 Juni 2014 Jenerale Roméo Dallaire adatula pansi udindo wawo m'nyumba ya malamulo ya Seneti mu mzinda wa Ottawa, ali ndi zaka 67. Lamulo la dzikolo limalola phungu wa nyumbayi kukhala pampando kufikira atakwanitsa zaka 75, kotero kuti iwo akadafuna akadakhalabe zaka zina 7 akulandira malipiro ndi ulemu wawo. Aphungu anzawo, a chipani chawo ndi a chipani china omwe, adaimirira kuwathokoza. Tsono kawirikawiri msilikali akamapuma pantchito amamtamanda chifukwa cha nkhondo zimene adapambana. A Dallaire sadapambane nkhondo imene dziko lapansi limawadziwa nayo. Anthu pafupifupi 800,000 adaphedwa m'masiku 100 iwo ali pomwepo monga mkulu wa asilikali osungitsa mtendere, ndipo iwo eni sadabisepo kuti ntchito imene adawatuma idalephera. Nanga ulemu umenewu udachokera pati?

A Dallaire adabadwa pa 25 Juni 1946 m'tauni ya Denekamp ku Netherlands. Bambo awo adali msilikali wa ku Canada amene adapita ku Ulaya pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo mai awo adali namwino wa ku Netherlands komweko. Adafika ku Canada ali khanda, nakulira mu mzinda wa Montreal pakati pa anthu olankhula Chifalansa. Asadafike zaka 20 adalowa sukulu ya usilikali ya ku Saint-Jean, ndipo atatsiriza maphunziro adaikidwa m'gulu la asilikali a mizinga. Adakwera maudindo mwakachetechete monga achitira msilikali wakhama m'dziko la mtendere. Kufikira chaka cha 1993 adali asadalawepo nkhondo, ndipo iwo eni adavomereza kuti pamene adauzidwa za Rwanda sadadziwe bwinobwino pamene dzikolo lili.

Ku Rwandako nkhondo idali itayamba mu Okutobala 1990, pamene gulu la Rwandan Patriotic Front, limene ambiri mwa ankhondo ake adali ana a Atutsi othawira ku Uganda, lidalowa m'dzikomo kudzamenyana ndi boma la Pulezidenti Juvénal Habyarimana. Pa 4 Ogasiti 1993 mbali ziwirizi zidasaina pangano la mtendere ku Arusha m'dziko la Tanzania, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho bungwe la United Nations lidakhazikitsa gulu la asilikali lotchedwa UNAMIR kuti likayang'anire panganolo. A Dallaire ndiwo adasankhidwa kulitsogolera. Adaloledwa asilikali 2,548, ochepa kuposa amene iwo adaona kuti ngofunika, ndipo ambiri mwa ochepawo adafika opanda zida zokwanira, opanda magalimoto odalirika, ena opanda ngakhale chakudya cha masiku ambiri.

Pa 11 Januwale 1994 a Dallaire adatumiza uthenga wachangu ku likulu la bungweli ku New York. Munthu wina wam'kati mwa gulu la achinyamata a chipani cholamula, lotchedwa Interahamwe, adali atawatsina khutu kuti adalamulidwa kulemba maina a Atutsi onse a mu mzinda wa Kigali, kuti anyamata ake adaphunzitsidwa kotero kuti akadatha kupha anthu 1,000 m'mphindi 20, ndiponso kuti padali chiwembu chopha asilikali a ku Belgium kuti dziko lawo lichite mantha ndi kuchotsa gulu lake, limene lidali msana wa UNAMIR. Munthuyo adalonjeza kulozera malo obisako zida. A Dallaire adadziwitsa akuluakulu awo kuti akufuna kukalanda zidazo. Ofesi yoona za asilikali osungitsa mtendere, imene nthawi imeneyo inkatsogoleredwa ndi a Kofi Annan, idawaletsa, niwauza kuti akangofotokozera Pulezidenti Habyarimana ndi akazembe a maiko a Belgium, France ndi America. Chifukwa chake sichidali chobisika: miyezi itatu m'mbuyomo asilikali 18 a ku America adali ataphedwa ku Mogadishu m'dziko la Somalia, ndipo maiko akuluakulu sadafunenso kumva za asilikali awo akufera mu Africa. Komatu kukaulula chiwembu kwa mtsogoleri wa chipani chimene chiwembucho chikuchokera kuli ngati kukadandaula kwa fisi kuti mbuzi zikutha m'khola.

Zonse zimene uthengawo udanena zidachitika. Usiku wa pa 6 Epulo 1994 ndege imene idanyamula Pulezidenti Habyarimana ndi Pulezidenti Cyprien Ntaryamira wa ku Burundi idaomberedwa ikutera ku Kigali. Kusadache misewu idatchingidwa. Pa 7 Epulo nduna yaikulu, Mai Agathe Uwilingiyimana, adaphedwa, ndipo asilikali 10 a ku Belgium amene adatumidwa kukawateteza adatengeredwa ku kampu ya asilikali a boma, naphedwa kumeneko.

Apa mpofunika kunena zoona zonse, pakuti ulemu wobisa zipsera ngwachabe. M'mawa umenewo a Dallaire adadutsa pa chipata cha kampuyo pa galimoto, akupita ku msonkhano wa akuluakulu a asilikali a boma, ndipo adaona ena mwa asilikali awo ali thapsa pansi. Sadatumize gulu lokawapulumutsa. Iwo adafotokoza kuti adalibe mphamvu zokwanira kuthyola kampu yodzaza ndi asilikali okwiya, ndipo kuti kuyesa kukadaphetsa ambiri ndi kusandutsa UNAMIR kukhala mbali ya nkhondoyo. Ku Belgium ambiri, makamaka abale a ophedwawo, sadakhutire ndi yankho limeneli, ndipo kafukufuku wa nyumba ya malamulo ya dzikolo mu 1997 adawadzudzula. Munthu wokhala phee pakhonde akhoza kuweruza mbali iliyonse. A Dallaire adayenera kusankha ali m'galimoto, m'mphindi zowerengeka, ndipo chosankha chawocho adachisenza moyo wawo wonse.

Dziko la Belgium lidachotsadi asilikali ake, monga momwe okonza chiwembu adayembekezera. Pa 11 Epulo, pamene gulu lina la asilikaliwo lidachoka pa sukulu ya ntchito zamanja ya ku Kicukiro, anthu pafupifupi 2,000 amene adathawirapo adaphedwa, ambiri tsiku lomwelo. Ku New York kudayamba kukambidwa zochotsa UNAMIR yonse. A Dallaire adakana kuchoka. Pa 21 Epulo komiti yoona za chitetezo ya United Nations idalamula kuti gululi lichepetsedwe kufika pa anthu 270, pa nthawi imene a Dallaire ankanena kuti atapatsidwa asilikali 5,000 okhala ndi zida zabwino akadatha kuletsa kuphanako.

Amene adatsala adali pafupifupi 450, ndipo omvera ayenera kudziwa kuti ambiri mwa iwo adali ana a mu Africa muno. Wachiwiri kwa a Dallaire, Brigadier Henry Kwami Anyidoho wa ku Ghana, adalimbikira kuti asilikali a dziko lake asachoke, ndipo boma la ku Accra lidawavomera. Kagulu kochepa ka asilikali a ku Tunisia nakonso kadatsala. Ndi anthu amenewa a Dallaire adateteza malo angapo othawirako: bwalo la masewero la Amahoro, dzina limene m'chilankhulo cha ku Rwanda litanthauza mtendere, chipatala cha King Faisal, ndi hotela ya Mille Collines. Nthawi zina pa chipata pankaima asilikali awiri kapena atatu okha, chida chawo chenicheni chili chisoti cha buluu ndi kusasuntha. Anthu amene adapulumuka chifukwa cha gululi amawerengedwa kuti adali pafupifupi 30,000. Poyerekeza ndi 800,000 chiwerengerochi nchochepa zedi. Koma funsani munthu mmodzi amene adagona pa bwalo la Amahoro miyezi imeneyo ngati kutsala kwa asilikaliwo kudali kwachabe.

Mmodzi mwa otsalawo adali Kaputeni Mbaye Diagne wa ku Senegal. Ntchito yake idali yongoyang'anira ndi kupereka malipoti, ndipo sankanyamula mfuti. Iye payekha adayamba kuzembetsa anthu pa galimoto yake, ochepaochepa, akudutsa malo otchingidwa mwa kuseka ndi kunyengerera anyamata a zikwanje. Ana a Mai Uwilingiyimana adapulumuka m'manja mwake. A Dallaire ankadziwa kuti zimenezi nzosemphana ndi malamulo a ntchito yake, koma adatseka maso. Pa 31 Meyi 1994 bomba lidagwa pafupi ndi galimoto yake, ndipo adafera pomwepo. Dzina limeneli mulisunge, libweranso.

Nkhani yokambidwa pa wailesi singadutse osatchula wailesi. Nyumba youlutsa mau ya RTLM, imene idatchuka ndi nyimbo zokoma ndi nthabwala, ndiyo inkawerenga maina a anthu oti aphedwe ndi kulozera kumene abisala. Idafika poopseza a Dallaire powatchula dzina. Iwo adapempha kuti mau a wailesiyo atsekerezedwe. Boma la America, limene lidali ndi zipangizo zochitira zimenezo, lidakana, likutchula za kukwera mtengo kwa ntchitoyo ndi za malamulo. Mu 2003 khoti la maiko onse la ku Arusha lidapeza mmodzi mwa oyambitsa wailesiyo, Ferdinand Nahimana, wolakwa. Aliyense wokhala patsogolo pa maikolofoni ayenera kuidziwa mbiri imeneyi.

Kuphanako kudatha mu Julaye, pamene gulu la Rwandan Patriotic Front lidalanda Kigali ndi kugonjetsa boma. Asilikali 5,500 amene United Nations idavomereza mu Meyi adayamba kufika maliro atachitika kale, ndipo pakati pawo padali asilikali a ku Malawi ndi a ku Zambia. Chaka chomwecho malo a Dzaleka m'boma la Dowa adasandutsidwa kampu ya othawa kwawo, ena mwa iwo ochokera ku Rwanda. A Dallaire adachoka ku Kigali mu Ogasiti 1994, atapempha okha kuti awapumitse, pakuti adazindikira kuti maganizo awo ayamba kusokonekera.

Atabwerera kwawo adakwezedwa maudindo, nafika pa udindo wa Lieutenant-General mu 1998. Kunja ankaoneka munthu wamphumphu. M'kati adali wovulala. Tulo tidawathawa. Fungo kapena phokoso laling'ono linkawabwezera ku misewu ya Kigali masana dzuwa likuswa mtengo. Madokotala amati munthu akaona zoopsa zopyola muyeso, ubongo wake umakana kuziika m'gulu la zinthu zakale, ndipo umazionetsa mobwerezabwereza ngati zikuchitika tsopano. Mu Epulo 2000 adawapumitsa usilikali pa chifukwa cha matendawa, atatumikira zaka zoposa 35. Mu Juni chaka chomwecho adapezeka ali chikomokere m'paki ina ku Hull, tsidya lina la mtsinje kuchokera ku Ottawa, atasakaniza mowa ndi mankhwala awo. Nyuzipepala zidalemba.

Pakati pa asilikali, kaya ku Canada kaya kwina kulikonse, nkhani yotere idali yochititsa manyazi. Msilikali wothyoka mwendo ankalandira mendulo, koma wothyoka mtima ankayesedwa wamantha, kotero kuti ambiri ankabisa mpaka kuthera m'botolo kapena m'manda. Chimene a Dallaire adachita pamenepa, poyesa bwino, chidafuna kulimba mtima kosachepera kumene adaonetsa ku Kigali. M'malo mobisala adalankhula poyera za kuledzera kwawo, za mankhwala amene ankamwa tsiku ndi tsiku, ndi za nthawi zimene adafuna kudzichotsera moyo. Mfundo yawo idali imodzi, yakuti chimenechi ndi bala la ku nkhondo monga bala la chipolopolo, ndipo boma limene lidatuma munthuyo liyenera kulichiza ndi kusamalira banja lake. Akulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Jenerale atatsekula, asilikali wamba adapeza polowera, ndipo m'zaka zotsatira gulu la nkhondo la Canada lidakhazikitsa njira zoti ovulala m'maganizo azithandizana ndi kulandira chithandizo cha madokotala.

Ntchito ina idali ya umboni. Mu 1998 adapita ku Arusha pa mlandu wa Jean-Paul Akayesu, amene adakhala munthu woyamba kupezeka wolakwa ndi khoti la maiko onse pa mlandu wopulula mtundu wa anthu. Mu Januwale 2004 adabwereranso kukachitira umboni pa mlandu wa Colonel Théoneste Bagosora, yemwe uja ankatsogolera msonkhano umene iwo ankapitako m'mawa wa pa 7 Epulo. Bagosora adapezeka wolakwa mu 2008, ndipo adamwalira mu 2021 ku Mali akadali mkaidi. Buku la a Dallaire lofotokoza za ku Rwanda, Shake Hands with the Devil, lidatuluka mu 2003, nililandira mphotho yapamwamba ya mabuku m'dziko lawo chaka chotsatira.

Mu Malichi 2005 nduna yaikulu ya Canada, a Paul Martin, adawasankha kukhala phungu wa Seneti. Kumeneko adagwira kwambiri ntchito ya komiti yoona za asilikali opuma. Koma chimene chidawayambanitsa ndi anthu ambiri chidali nkhani ya Omar Khadr, mnyamata wobadwira ku Canada amene adagwidwa ndi asilikali a America ku Afghanistan mu 2002 ali ndi zaka 15, natsekeredwa ku ndende ya Guantanamo pomuganizira kuti adapha msilikali wawo. Ambiri ku Canada sadafune kumva za iye. A Dallaire adaumirira kuti mwana wa zaka 15 wotengeredwa ku nkhondo ndi akuluakulu ndi mwana basi, ndipo kuti dziko silingadandaulire ana a ku Sierra Leone ndi ku Uganda kwinaku likutaya wake. Khadr adabwezedwa ku Canada mu 2012. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. A Dallaire adaonjezapo kuti ngakhale mwana amene anthu onse akumuda.

Nkhani ya ana ogwiritsidwa ntchito pa nkhondo ndiyo idakhala ntchito yaikulu ya ukalamba wawo. Ku Rwanda adakumana nawo maso ndi maso, ena atanyamula zikwanje pa malo otchingidwa, ena atanyamula mfuti. Kwa anthu a chigawo chino nkhaniyi si yachilendo: pa nkhondo ya ku Mozambique ana ambiri adabedwa m'midzi ndi kuphunzitsidwa kupha, ndipo Mai Graça Machel ndiwo adalemba lipoti la United Nations la 1996 limene lidatsegula maso a maiko pa za ana ndi nkhondo. Pambuyo pake padabwera malamulo oletsa, ndipo mu 2012 Thomas Lubanga wa ku Congo adamangidwa zaka 14 ndi khoti la ku The Hague chifukwa cholemba ana usilikali. Mabungwe achifundo nawonso ankalandira anawo nkhondo ikatha ndi kuwabwezera kwawo.

A Dallaire adaona kuti pakati pa lamulo ndi chifundo padali mpata, ndipo adauona ndi maso a msilikali. Adafunsa kuti: kodi mtsogoleri wa zigawenga amafuniranji mwana? Yankho lake nlowawa. Ana ngochuluka, safuna malipiro, sadya zambiri, amamvera msanga akaopsezedwa, ndipo mfuti za masiku ano nzopepuka moti mwana wa zaka 10 akhoza kuinyamula. Koposa zonse, msilikali wamkulu akaona mwana atamulozetsa mfuti amazengereza. Akazengereza amafa, akaombera amasenza nkhope ya mwanayo kufikira imfa yake. Chomwecho kwa zigawenga mwana ndi chida chopindulitsa, ndipo chida sichitha chifukwa chakuti anthu achidzudzula, chimatha chikasiya kupindulitsa. Mu 2007 adayambitsa bungwe lophunzitsa asilikali ndi apolisi, asadapite ku nkhondo, za m'mene angazindikirire malo amene ana akubedwa, m'mene angatetezere sukulu ndi misika, m'mene angachitire akakumana ndi mwana wonyamula mfuti, ndi m'mene angamthandizire kuthawa m'gululo osaphedwa. Bungweli lidapeza malo pa yunivesite ya Dalhousie mu mzinda wa Halifax, ndipo mu 2010 iwo adalemba buku lachiwiri pa nkhani yomweyi. Mabungwe ena achifundo poyamba adakayika kugwira ntchito ndi anthu a yunifomu. Koma amene amayamba kukumana ndi mwanayo m'tchire si namwino kapena mphunzitsi, ndi msilikali.

Mu Disembala 2013 a Dallaire adaodzera akuyendetsa galimoto pafupi ndi nyumba ya malamulo, naomba pambali pa msewu. Sadavulale. Adafotokozera aphungu anzawo kuti adali atakhala masiku osagona, chifukwa cha asilikali angapo a ku Canada amene adali atadzipha masiku omwewo, ndiponso chifukwa chakuti zaka 20 za chikumbutso cha Rwanda zinkayandikira. Patapita miyezi 5 adalengeza kuti akuchoka m'Seneti. Sadanene kuti akukapuma. Adati nthawi yawo yotsala akufuna kuipereka ku ntchito ya ana a ku nkhondo, ku kafukufuku wa mabala a m'maganizo, ndi ku ntchito yoletsa kupulula mitundu, pakuti masiku amenewo ku South Sudan ndi ku Central African Republic kudali kutayamba kuoneka zizindikiro zimene iwo adazidziwa bwino.

Ndipo adachitadi. Mu 2016 adatulutsa buku lofotokoza za matenda awo, Waiting for First Light. Mu Novembala 2017, pa msonkhano wa nduna za chitetezo mu mzinda wa Vancouver, padakhazikitsidwa mfundo 17 zotsogolera asilikali osungitsa mtendere pa za kuteteza ana kuti asalembedwe usilikali. Bungwe la a Dallaire lidathandiza kuzikonza, ndipo maiko oposa 100 adazivomereza. Bungwelo lidatsegulanso malo ophunzitsira ku Kigali, kotero kuti asilikali a maiko a mu Africa adayamba kukaphunzira za kuteteza ana mu mzinda womwe uja jeneraleyo adalephera kuuteteza.

Mwezi umodzi a Dallaire asadachoke m'Seneti, mu Meyi 2014, komiti yoona za chitetezo ya United Nations idakhazikitsa mendulo ya kulimba mtima kwapadera, niitcha dzina la Kaputeni Mbaye Diagne. Yoyamba idaperekedwa kwa banja lake mu 2016. Padapita zaka osapezeka wina woilandira. Mu Novembala 2018 asilikali osungitsa mtendere a ku Malawi ndi a ku Tanzania adakumana ndi zigawenga za ADF m'nkhalango pafupi ndi Beni, kum'mawa kwa dziko la Congo, ndipo asilikali 6 a ku Malawi adaphedwa. Mmodzi mwa iwo, Private Chancy Chitete, ataona msilikali wa ku Tanzania atavulala pamtetete, adabwerera zipolopolo zikuvumba, namkokera pobisika, ndipo adaomberedwa akumthandiza. Msilikali wa ku Tanzania uja adapulumuka. Mu Meyi 2019, ku New York, mlembi wamkulu wa United Nations, a António Guterres, adapereka mendulo ya Mbaye Diagne kwa banja la malemu Chitete.